Msewu Wongodutsa Sumanga Mzinda

Munthu amene adaimapo pa Njuli m'mamawa dzuwa lisanatuluke amadziwa kumene anthu a ku Chiradzulu amaloza kukacha. Maminibasi ochokera ku Zomba amafika atadzaza kale, komabe kondakitala salephera kupeza malo a munthu mmodzi kapena awiri. Amayi amakweza madengu a tomato, kabichi ndi mpiru. Abambo ovala malaya ositidwa bwino amangoyang'ana nthawi kuopa kuchedwa kuntchito. Malole onyamula miyala ya kwale amatulukira mumsewu waukulu akufuka utsi. Onsewa ulendo wawo ndi umodzi, wa ku Limbe. Madzulo anthu omwewo amatsika pamalo pomwepo madengu ali opepuka, koma m'manja muli shuga, sopo, mafuta ophikira ndi kaunjika wa ana. Ndalama imene adaipeza ku Limbe aisiya ku Limbe komweko.

Kalembera wa anthu wa m'chaka cha 2018 adapeza kuti ku Chiradzulu kudali anthu oposa 350,000. Malo ake ndi ochepa, osafika ndi masikweya kilomita 800 omwe, kotero kuti ili ndi limodzi mwa maboma amene anthu adathithikana kwambiri m'dziko muno. Ukakwera paphiri n'kuyang'ana pansi, umaona nyumba ndi timinda tating'onoting'ono mpaka kumene maso alekezera. Chodabwitsa n'chakuti palikulu penipeni pa bomali, pamene pali ofesi ya DC, polisi ndi chipatala chachikulu, kalembera yemweyo adapezapo anthu pafupifupi 3,000 okha. Nanga zidatheka bwanji kuti dera lodzaza anthu chonchi lilephere kubala tawuni yooneka ndi maso?

Ine ndidabadwira m'dera lomweli, ndipo kwa zaka zambiri funso limeneli ndinkaliyankha monga amayankhira anthu ambiri kwathu, kuti adatiiwala, tilibe misewu. Koma yankho limeneli silikhutiritsa. Chiradzulu si Chitipa, kumene anthu adadikira zaka makumimakumi kuti aone tala. Msewu wa pakati pa Blantyre ndi Zomba, umodzi mwa misewu yakale kwambiri m'dziko muno, udadutsa kwathu. Njanji yoyamba idathera pakhomo pathu penipeni. Nditayamba kufufuza mbiri ya misewu, madoko ndi njanji za kuno kum'mwera, ndidapeza yankho lina. Mzinda umamera pamene ulendo wadukira, pamene katundu ayenera kutsitsidwa, kusungidwa, kuyezedwa, kugulitsidwa ndi kukwezedwanso. Pamalo pamene apaulendo amangodutsa, msewu umasanduka ngalande yokokolola anthu ndi chuma kupita nazo kumene ulendo wathera.

Tiyambire ku Magomero, m'mbali mwa mtsinje wa Namadzi. M'mwezi wa Julaye 1861 David Livingstone adafika kumeneko ndi amishoni a UMCA otsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie. Ali m'njira, pamudzi wa a Mbame, adamasula akapolo 84 amene amalonda ankapita nawo ku Tete. Amishoniwo adamanga ku Magomero, ndipo anthu omasulidwa aja pamodzi ndi ena othawa nkhondo adasonkhana pomwepo. Uwu udali mishoni woyamba wa mtundu wake m'dziko muno, ndipo ukadakhazikika, mwina lero bwenzi tikukamba za mzinda wa Magomero. Koma zonse zimene azunguwo ankadalira, monga mankhwala, nsalu zosinthanitsa ndi chakudya, ngakhale makalata ochokera kwawo, zinkadzera pamtsinje wa Shire. Kuchoka ku Magomero kukafika kugombe la kwa Chibisa, kufupi ndi Chikwawa, udali ulendo wa masiku angapo wotsika mapiri.

Nkhondo ya pakati pa Ayao ndi Amang'anja idakula, chakudya chidasowa, ndipo kamwazi adalowa pamudzi. Mackenzie adatsikira kumtsinje kukachingamira sitima yobweretsa katundu. Bwato limene adakwera lidagubuduzika, mankhwala a malungo n'kumira m'madzi, ndipo iye adamwalira pa 31 Januwale 1862 pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire. Patangopita miyezi yochepa anzake adachoka ku Magomero kukakhala kwa Chibisa, pafupi ndi madzi. Chimene chidagwetsa mishoni umenewu ndi nkhondo ndi matenda, inde, koma chimene chidauletsa kudzukanso ndi kutalika kwa njira yodzera katundu.

Patapita zaka khumi ndi zinayi, mu 1876, amishoni a Church of Scotland adamanga malo awo pafupi ndi phiri la Ndirande, nawatcha Blantyre. Malowa adali ndi mwayi umene Magomero adalibe. Mtsinje wa Shire uli ndi mathithi pakati pake, kuyambira cha ku Matope kutsikira ku Kapichira, ndipo pamenepo sitima singadutse. Choncho katundu wochokera kunyanja yaikulu ankakwera ndi sitima mumtsinje wa Zambezi ndi wa Shire mpaka kwa Katunga ku Chikwawa. Kumeneko ankatsitsidwa, amtengatenga n'kumusenza pamutu kukwera naye mapiri, kenaka kutsikira naye ku Matope kumene sitima ina inkadikira kuti ipite naye kunyanja ya Malawi. Ngakhale sitima ya Ilala yoyamba ija, mu 1875, idachita kuphwasulidwa, anthu mazanamazana n'kusenza zidutswa zake kulambalala mathithiwo.

Blantyre adali pakatikati pa ulendo wapansi umenewu. Apa m'pamene amtengatenga ankatula, kulandira malipiro ndi kugona. Kampani ya African Lakes, imene idayamba mu 1878, idamanga nyumba zosungiramo katundu pomwepa, pamalo amene mpaka lero timawatcha Mandala. Pamene pali nyumba yosungiramo katundu pamafunika kalaliki, mlonda, kalipentala, wophika ndi wochapa. Amenewa nawonso amafuna pogona, chakudya ndi zovala, ndiye pamabwera wogulitsa ufa, telala ndi wofulula mowa. Umu ndi m'mene mzinda umayambira. Tingathe kunena kuti amene adabala Blantyre ndi mathithi a mu Shire, pakuti ndiwo adadula ulendo.

M'chaka cha 1891 dziko lino lidalowa m'manja mwa Angerezi, ndipo Harry Johnston adaika likulu la boma lake ku Zomba. Tsono dziko lidakhala ndi mitu iwiri: malonda ku Blantyre, ulamuliro ku Zomba. Njira yolumikiza mitu iwiriyi idayenera kudutsa m'dera la Chiradzulu, cha ku Njuli, Mbulumbuzi ndi Namadzi. M'njira imeneyi munkadutsa amtengatenga, amithenga onyamula makalata, asilikali, ndi azungu ogona m'machila. Koma mtunda wonse ndi makilomita ongopitirira pang'ono 60. Wonyamuka ku Blantyre mtima wake udali ku Zomba, wonyamuka ku Zomba mtima wake udali ku Blantyre. Panalibe mtsinje waukulu woti awoloke pabwato, panalibe malire oti alipirepo msonkho, panalibenso chifukwa chomangira nyumba yosungiramo katundu. Ofesi ya boma ya ku Chiradzulu nayonso idamangidwa patsinde pa phiri, pambali pa msewu waukulu, ndipo kwa nthawi yaitali derali lidali chigawo chabe cha boma la Blantyre.

Chimene msewu udabweretsa kwathu ndi maesiteti. Nthaka yabwino yokhala pafupi ndi njira idakopa azungu olima khofi, thonje ndi fodya. Malo aakulu a ku Magomero adakhala m'manja mwa banja la Alexander Low Bruce, amene adakwatira mwana wa Livingstone. Nthawi yomweyo Alomwe ambiri ankawoloka malire kuthawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique, ndipo ofika kumene ankapatsidwa pokhala m'maesiteti posinthana ndi thangata, ntchito yokakamiza yolipirira malo. Msonkho wa nyumba udakankhiranso amuna ambiri kukafuna ndalama kwa azungu. Apa m'pamene padayambira kuthithikana kumene tikukuona lero. Anthu adachuluka, koma adachuluka ngati antchito a m'minda ya eni, ndipo zokolola za m'mindamo zinkakayezedwa ndi kugulitsidwa kwina.

Kwinako kudadziwika bwino njanji itafika. Madzi a mu Shire adayamba kuchepa chaka ndi chaka, sitima n'kumatitimira mumchenga, ndipo azungu a minda adalira kuti pakhale njanji. Kampani ya Shire Highlands Railway idamanga njanji yochoka ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje, kudzera ku Chiromo ndi Luchenza, ndipo sitima yoyamba idafika ku Blantyre mu 1908. Makilomita ochepa sitimayo isanafike ku Blantyre padali malo a tchire otchedwa Limbe. Pamenepo a njanji adaikapo likulu lawo ndi malo okonzera sitima. Kampani ya Imperial Tobacco idamanganso pomwepo fakitale yokonzera fodya. Amwenye adatsatira ndi masitolo awo. Pasanathe zaka zambiri Limbe adakhala tawuni payekha, ndipo mu 1956 adaphatikizidwa ndi Blantyre kukhala mzinda umodzi.

Kuchoka pa boma la Chiradzulu kufika ku Limbe sipakwana makilomita 30. Uwu ndi mtunda woti munthu wamphamvu amauyenda wapansi tsiku limodzi. Agogo anga aamuna ankatisimbira kuti paunyamata wawo ankadzuka tambala woyamba, kamba ali m'kathumba, n'kuyenda mpaka ku Limbe kukagwira ntchito yosankha fodya. Kumudzi ankabwerera kumapeto kwa sabata. Bulangete lawo loyamba, nsalu ya agogo aakazi, ngakhale njinga imene adadzagula pambuyo pake, zonse zidachokera m'masitolo a ku Limbe. Iwo ankanena zimenezi monyadira, ndipo adali ndi chifukwa chonyadira. Koma tikaganiza kuti anyamata zikwizikwi a m'midzi yathu ankachita chimodzimodzi, tiona kuti thukuta la Chiradzulu lidamangadi tawuni, kungoti tawuniyo idamangidwa kunja kwa malire athu.

Munthu mmodzi amene adayesa kumanga chinthu choti anthu aziimapo m'dera lathu ndi Mbusa John Chilembwe. Atabwerako ku America mu 1900 adakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe. Adatsegula masukulu, adamanga tchalitchi chachikulu cha njerwa, ndipo ankalimbikitsa anthu ake kulima, kusoka ndi kuchita malonda mwa iwo okha. Eni esiteti ya Magomero sadakondwere nazo. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake adaukira. Gulu lina lidapita ku Magomero kumene lidapha William Jervis Livingstone, woyang'anira esiteti. Gulu lina lidayenda usiku womwewo kulowera ku Blantyre kukathyola nyumba ya zida ya ku Mandala. Taonani, ngakhale ofuna kugwetsa atsamunda adayenera kupita kumene katundu ankasungidwa, chifukwa mfuti zidali komweko. Chilembwe adaphedwa pa 3 Febuluwale, tchalitchi chake chidagumulidwa, ndipo mishoni udakhala chitsekere mpaka mu 1926 pamene Dr Daniel Malikebu adautsegulanso.

Komatu tisaganize kuti malo onse amene ulendo udadukirapo adakhala ndi mwayi wa Blantyre. Ena adakula msanga, n'kufota msanga. Kuti tione zimenezi tiyenera kutsika ndi mtsinje. Pamene Zambezi amathira m'nyanja yaikulu, ku Mozambique, pali doko lotchedwa Chinde. Mu 1891 Apwitikizi adabwereka Angerezi kachigawo ka malo kumeneko kuti katundu wa dziko lino azisinthirapo sitima osalipira msonkho. Kwa zaka makumi atatu pafupifupi aliyense wobwera kuno kuchokera ku Ulaya ankatsikira pa Chinde. Mu 1922 mphepo yamkuntho idaphwasula tawuniyo ndi kumiza sitima zambiri. Chaka chomwecho njanji yochoka ku Beira idafika pagombe la Zambezi. Panalibenso wofuna kumanganso Chinde, popeza katundu adali atapeza njira ina.

Chiromo nayenso adaona zomwezo. Pokhala pamene Ruo amakumana ndi Shire, malowa adali doko lotchuka, lokhala ndi maofesi a msonkho, masitolo ndi nyumba za makampani. Koma madzi atachepa, doko lidasamukira kumunsi ku Port Herald. Mu 1915 njanji idapitirira mpaka ku Chindio pagombe la Zambezi, ndipo mu 1935 mlatho waukulu wa Dona Ana udatsegulidwa, kotero kuti sitima inkachoka ku Beira mpaka ku Limbe popanda kutsitsa katundu panjira. Chiromo adasanduka kasiteshoni kongodutsapo. Sitima zinkadutsa zambiri kuposa kale, koma anthu a pamalopo ankangoziona ndi maso. Luchenza, mnansi wathu wa ku Thyolo, adakula chifukwa tiyi wa ku Mulanje ndi Thyolo ankakwezedwa pamenepo. Nkhondo ya ku Mozambique itatseka njira ya ku Beira m'zaka za m'ma 1980, ndipo madzi osefukira atakokolola njanji pa Chiromo mu 1997, malonda a pasiteshoni ya Luchenza adazilala. Tawuni imene moyo wake wonse uli panjira imodzi ili ngati nyumba ya mzati umodzi.

Nanga mizinda iwiri ija imene Chiradzulu ali pakati pake idayenda bwanji? Pamene njanji inkapitirizidwa kumpoto kuchoka ku Blantyre, idadzera ku Lirangwe ndi Balaka n'kukafika ku Salima mu 1935. Zomba, likulu la dziko, adasiyidwa pambali, ndipo mpaka lero sadaonepo sitima. Kalembera wa mu 1966 adapeza anthu pafupifupi 110,000 mumzinda wa Blantyre, pamene ku Zomba kudali anthu osafika 20,000. Zaka 75 za kukhala likulu la boma sizidathe kupikisana ndi siteshoni ya ku Limbe. Chaka chomwecho Lilongwe adalinso ndi anthu osafika 20,000, mofanana ndi Zomba. Koma Lilongwe adali pamphambano ya misewu yopita kumpoto, ku Salima ndi ku Chipata, pakati pa dera lolima fodya ndi chimanga. Likulu lidasamukira kumeneko mu 1975, njanji yochoka ku Salima idafika mu 1979, ndipo bwalo la ndege lalikulu lidatsatira. Pofika mu 2018 Lilongwe adali ndi anthu pafupifupi 990,000, Blantyre 800,000, Zomba 105,000.

Kusamuka kwa likulu kudakhudza ife a ku Chiradzulu m'njira imene ambiri sitidaizindikire nthawi yomweyo. Msewu wathu udatchuka chifukwa unkalumikiza malonda ndi ulamuliro. Ulamuliro utapita ku Lilongwe, kwa kanthawi magalimoto opita kulikulu latsopano ankadzerabe ku Namadzi, Zomba ndi Liwonde. Koma msewu wa ku Zalewa utaikidwa tala, ulendo wa pakati pa Blantyre ndi Lilongwe udafupika, ndipo mabasi ndi malole ambiri adayamba kudzera kumeneko. Pamphambano ya Zalewa, pamene msewu wa ku Mwanza umapatukira, padamera malo a malonda odzaza anthu. Apanso lamulo ndi lomwe lija: pamene njira zagawikana, woyendetsa galimoto amaima, ndipo akaima amadya, amamwa, amagula.

Kunena chilungamo, si misewu yokha imene idafooketsa malo a malonda a kumidzi. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr Kamuzu Banda lidalamula kuti amwenye achoke m'masitolo a kumidzi akachite malonda m'mizinda ikuluikulu. Cholinga chidali chakuti Amalawi atenge malondawo, koma ambiri adalibe mpamba wokwanira. M'malo ambiri m'dziko muno masitolo a makonde aatali aja adatsekedwa, ena n'kusanduka mabwinja. Malonda a pikulitsa adaunjikana m'mizinda, ndipo kuno kum'mwera adaunjikana ku Limbe. Kumadera akutali, munthu wa golosale ankathabe kupeza phindu chifukwa makasitomala ake sakadatha kupita kutawuni. Kwathu kuno kasitomala ndi mwini golosale ankakwera basi imodzi kukagula m'sitolo imodzi.

Ife amene tidakula m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 tidaona kusintha kwina ndi maso athu. Tili ana, ulendo wa ku Limbe udali nkhani yokonzekera. Mabasi adali a kampani imodzi, UTM, imene mu 1989 idagulidwa ndi Stagecoach, kenaka n'kudzatchedwa Shire Bus Lines. Basi idali ndi nthawi yake, ndipo ikakusiya unkadikira ina kwa maola. Ndale za zipani zambiri zitabwera mu 1994, maminibasi adadzaza mumsewu. Ulendo umene agogo ankauyenda tsiku lathunthu udasanduka wosakwana ola limodzi. Ndikukumbukira telala wina wa pafupi ndi kwathu amene ankasoka mayunifolomu a sukulu yonse ndi madiresi a Khirisimasi. Anthu atayamba kupita ku Limbe m'mawa n'kubwerako masana ndi kaunjika, ntchito yake idatsala yongosoka zigamba. Mapeto ake adanyamula makina ake n'kukakhala pakhonde la sitolo ina ku Limbe komweko. Minibasi imene inkatenga makasitomala ake idamutenganso iye.

Sindikunena kuti kuyandikana ndi mzinda ndi tsoka lokhalokha. Mlimi wa tomato wa kwa Kadewere kapena kwa Mpama ali ndi msika umene mnzake wa kudera lakutali amangoulota. Alimi a ng'ombe za mkaka, amene ndi ambiri m'boma lino, amadalira makampani a ku Blantyre. Wodwala kwambiri amathamangira naye kuchipatala cha Queen Elizabeth pa nthawi yochepa. Ndiponso chifukwa chakuti mzinda uli pafupi, anthu ambiri sadasamuke kotheratu. Amagwira ntchito kutawuni koma amagona kumudzi, kapena amachita lendi ku Bangwe ndi ku Kachere koma munda ndi manda zili kwawo. Apa m'pamene pagona yankho la funso lathu lija. Midzi yathu ndi yodzaza chifukwa msewu umalola anthu kudya za mumzinda ali kwawo. Tawuni yathu ndi yaing'ono chifukwa msewu womwewo umachititsa kuti pasakhale chosowa chimene munthu angachifunefune pa boma. Ngakhale m'boma momwemu, misika ya m'mbali mwa msewu waukulu monga Mbulumbuzi ndi Namadzi imaoneka yamoyo pa tsiku la msika kuposa palikulu pomwe.

Chaka cha 2006 chidatipatsa zitsanzo ziwiri zoyenera kuziika pamodzi. M'mwezi wa Meyi chaka chimenecho msewu wa Midima, wochoka ku Limbe kupita ku Mulanje kudzera kum'mwera kwa boma lathu, udatsegulidwa mwamwambo utakonzedwa ndi thandizo la European Union, ndipo udapatsidwa dzina la Robert Mugabe. Ulendo wa ku Mulanje udafupika, magalimoto n'kumadutsa mwaliwiro. Chaka chomwecho mpingo wa Katolika udatsegula yunivesite yake ku Nguludi, pamalo a mishoni wakale uja umene udatenthedwa pa nthawi ya Chilembwe. Ophunzira ndi aphunzitsi adabwera kudzakhala, ndipo munthu wokhala amafuna chipinda, nsima, malo osindikizira mapepala ndi wa kabaza womunyamula. Anthu ozungulira adayamba kumanga nyumba za lendi ndi timasitolo. Msewu udathandiza kuti ophunzirawo afike mosavuta, koma chimene chidawatsitsa m'galimoto ndi sukulu.

Lero mzinda umene tidaumanga ndi thukuta lathu ukubwerera kwa ife mwa njira ina. Blantyre wadzaza, ndipo akutambasukira m'mbali mwa msewu wa Zomba ndi wa Midima. Anthu a ndalama a m'tawuni akugula malo m'midzi ya m'mbali mwa misewuyi, ndipo pamene padali chimanga ndi nandolo pakuoneka mipanda ya njerwa. Banja limene munda wake sukwana ndi ekala imodzi yomwe likaona ndalama yochuluka pakamodzi, n'kovuta kukana. Koma ndalama imatha, ndipo munda ukapita wapita. Ana a banja lotere sadzakhala alimi, komanso alibe chitsimikizo cha ntchito mumzinda. Ngati sitichenjera, Chiradzulu adzalandira nyumba zogona za mzinda popanda mafakitale ake, misika yake ndi misonkho yake.

Pa misonkhano ya chitukuko, mfumu ikapatsidwa mwayi wolankhula pamaso pa mlendo wolemekezeka, pempho loyamba limakhala la msewu. Pempholi n'loyenera, pakuti amene adanyamulapo mayi wodwala pamachira m'matope a mwezi wa Febuluwale sangatsutse ubwino wa tala. Koma akuluakulu adati walira mvula walira matope. Msewu uli ndi mbali ziwiri, yobwera ndi yopita, ndipo mbiri ya Magomero, Limbe, Chiromo ndi Luchenza ikutionetsa kuti mbali imene imalemera ndi yolowera kumene kuli sikelo, nyumba yosungiramo katundu ndi fakitale. Choncho popempha msewu tizifunsanso kuti n'chiyani chidzaimitse galimoto kwathu. Nandolo wathu amapita ku Limbe ndi makoko ake, kukasendedwa ndi kupakidwa m'matumba komweko asanatumizidwe ku India. Mkaka wathu umakaikidwa m'mapaketi ku Blantyre n'kubwerera kudzagulitsidwa kwa ife tomwe. Tomato wathu akachuluka amaolera m'mbali mwa msewu. Chilichonse mwa zinthu zimenezi chikadatha kukhala chifukwa choti lole iime, itsitse, idikire ndi kukwezanso m'boma mwathu momwe muno.

Agogo aja adamwalira ndili ku sekondale. Njinga yawo ya ku Limbe idakhala zaka zambiri ili chipachikire kudenga la khitchini, matayala ataphwa. Masiku ano ndikamapita kumudzi ndimatsika pamalo pomwe iwo ankatulukira mumsewu waukulu m'bandakucha, ndipo ndimapeza adzukulu a anzawo ataima ndi madengu, maso ali kumene kuchokere minibasi. Ulendo udafupika, nsapato zidalowa m'malo mwa mapazi osavala, koma kolowera n'komwe kuja.